Sitampa Imene Inamera Mano

Pamene galimoto ya polisi inkamutenga Nesi Lachiwiri masana, a Chidindo anali pakhonde pawo akuthirira maluwa a m'zitini. Anaona zonse kutsidya kwa msewu. Nesi anatuluka m'nyumba ya Aphunzitsi atavala masilipasi osiyana mitundu, mwana wachisamba wa m'nyumbamo akumuloza chala kumsana, ndipo mkazi wa malemuyo anangoima pazenera osaphethira. Apa n'kuti patangopita masiku asanu Aphunzitsi ataikidwa m'manda.

M'mawa mwake kunafika Sajeni, mayi wamtali wosakonda mawu ambiri. Anakana mpando.

"Andiuza kuti mumsewu muno wodziwa za masitampa ndinu," anatero.

"Wodziwa ndi amene tamuika uja, mayi. Ine ndinkangowamenya."

Sanali kunama. A Chidindo anadinda makalata ku positi kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, mpaka dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Koma Lamulungu lililonse masana ankawoloka msewu kukakhala ndi Aphunzitsi, amene ankasunga masitampa kuyambira ali mwana, ndipo wokhala pafupi ndi moto sangalephere kununkha utsi.

Sajeni anatulutsa kathumba kapulasitiki m'thumba la malaya.

"Mwana wa malemu akuti bambo ake anali ndi sitampa yamtengo wapatali. Akuti mtsikana amene ankawasamalira uja waba yeniyeniyo n'kuikapo iyi. Kwa ine sitampa ndi sitampa. Inuyo munaionapo yeniyeniyo?"

"Kosawerengeka. Yabuluu, pali chithunzi cha sitima ya matanga. Inadutsa zaka zana kalekale. Bambo awo a Aphunzitsi anaitola pa kalata yakale mu ofesi imene ankasesamo. Chimene chinkaipatsa ulemu n'chakuti inalibe mano."

"Mano?"

"Timano ta m'mbali tija, pamene sitampa imang'ambikira pochoka pa inzake. Kale makina oboola asanabwere, kalaliki ankachita kudula yekha, ndiye m'mbali munkakhala mosalala. Zoterozo zinatsala zochepa."

Anavala magalasi, n'kutengera kathumbako kuwala kwa pakhomo. Buluu anali yemweyo, sitima yomweyo. Koma mbali zonse zinayi zinali ndi mano.

A Chidindo anavula magalasi aja pang'onopang'ono.

"Dikirani ndivale nsapato," anatero.

* * *

Wachisamba anawalandira pabalaza. Anali bambo wa imvi zake tsopano, wogwira ntchito kutali, koma kwa a Chidindo anali mwana yemwe uja amene anaswa zenera lawo ndi mpira. Maso ake anali ofiira ndipo ankalankhula akuyendayenda.

"Ankolo, inu mukudziwa. Nyumba ino si yathu. Takhala muno zaka makumi anayi, ndiye eni ake akuigulitsa chaka chino chisanathe. Bambo ankanena nthawi zonse kuti tsikulo likadzafika, sitampa ija idzagula nyumba ino kuti amayi asadzasamuke ali okalamba. Ine sindinkafunapo ngakhale kandalama kamodzi. Lolemba ndinapita nayo kwa a Kagalasi, ogula zinthu zakale aja. Anangoiyang'ana kamodzi n'kundibwezera ngati ndawapatsa tikiti ya basi."

"Munaiona liti komaliza ili yopanda mano?" anafunsa Sajeni.

"Miyezi inayi yapitayo, nditabwera kudzawaona. Ndinatsegula ndekha."

"Imakhala pati?"

"M'kachitini, mu kabati ya kuchipinda kwawo. Kachitiniko kali ndi loko. Kiyi ankavala m'khosi pa chingwe, osavula ngakhale pogona." Anaima n'kutambasula manja. "Ndiye amene ankawasambitsa tsiku lililonse ndani? Amene ankawavula malaya ndani? Ndi Nesi."

"Alendo ankalowa kuchipindako?"

"Ankolo awa okha, ndipo sankawasiya okha. Chaka chathachi bambo sankazindikira munthu. Maso nawonso anali atatha."

A Chidindo anagwedeza mutu. Zinali zoona. Ulendo wawo womaliza, mnzawo wa zaka zonsezi anawafunsa mwaulemu ngati anabwera kudzakonza mpopi.

"Nanga amayi anu?" anatero Sajeni.

Wachisamba anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Amayi adzibere okha denga? Funsani za foni yatsopano imene mtsikana ujayu ali nayo. Ndipo nditamufunsa pamaso pa amayi, sanakane. Munthu wosalakwa amakana. Iye anangoweramitsa mutu."

"Kunyumba kwake tafufuza, sitinapeze kanthu."

"Ndiye kuti anagulitsa kale."

A Chidindo ankamvetsera china. M'nyumba imeneyi, kaya kuli chisangalalo kaya mavuto, makina osokera a mkazi wa Aphunzitsi ankamveka kuyambira m'mawa. Msewu wonse unkawatchula kuti a Telala. Lero chitseko cha kachipinda kawo kosokera chinali chotseka, ndipo a Telala, amene sankalola mlendo kukhala pansi asanamupatse moni, sanatuluke.

"Akudwala?" anafunsa.

"Chiyambire dzulo sanadye," anayankha Wachisamba. "Zawapweteka. Mtsikana ujayu ankamutenga ngati mwana wawo."

* * *

Sitolo ya a Kagalasi inali yopapatiza, yonunkha fumbi ndi mafuta a mawotchi. Mawailesi akufa anaunjikana mpaka kudenga. Mwini wake anali kamunthu kakafupi, kagalasi kokulitsa zinthu kali lende pachifuwa, ndipo pakamwa pake sipankatera ntchentche.

"Bwana wanga, mayi wanga, lowani, samalani nyaleyo, ndi yakale kuposa tonsefe. Za sitampa ija? Ndinamuuza mnyamata uja, ndipo mtima unandiwawa, chifukwa yeniyeniyo ndinaiona ndi maso angawa zaka khumi zapitazo. Ndinawagwadira Aphunzitsi, ine munthu wa mawondo oola. Anandiuza kuti ndidikire afe kaye. Ndiye taonani, afa, ndipo kukubwera chinthu cha mano."

"Tafotokozani bwino," anatero Sajeni. "Mano akuchotsa bwanji mtengo?"

"Sitampa imeneyi anaisindikiza kawiri, mayi wanga. Koyamba yopanda mano, zochepa zokha. Patapita zaka anaisindikizanso, chithunzi chomwecho, koma ya mano, ndipo zimenezo zili mbwee ngati mchenga. Ndili nazo zisanu m'dilowa umu. Mukafuna ndikupatsani imodzi ya ulere."

"Nesi anabwerapo kuno? Kapena wina aliyense kudzatsatsa yopanda manoyo?"

"Ayi. Ndipo ikanagulitsidwa kulikonse ndikanamva. Ogula zoterezi tilipo atatu basi, ndipo timadana kwambiri, choncho palibe chimene wina angabise."

A Chidindo anapempha imodzi mwa zisanu zija, pepala lakuda, ndi kagalasi. A Kagalasi anavula kagalasiko monyinyirika ngati akubwereketsa mkazi. Ndi kopanira kakang'ono anaika masitampa awiriwo moyandikana papepalapo, ndipo a Chidindo anawerama.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Kunja kunadutsa ngolo ya makala, wina anaitana wina, koma iwo sanadzutse mutu.

"Lolemba lija munaiyang'ana ndi kagalasika?" anafunsa kenako.

"Ndiyang'anirenji, bwana wanga? Mano amaoneka ngakhale kwa wakhungu."

"Bwerani muone. A Sajeni, nanunso. Iyi ya m'dilowayi, onani pakati pa dzino ndi dzino. Ndi pobulungira, chifukwa makina amaboola ndi kachitsulo kozungulira. Nsonga za mano zili ndi tiubweya, chifukwa munthu anachita kung'amba. Tsopano onani iyi."

Sajeni anatseka diso limodzi. "Apa ndi posongoka. Ngati mano a sowo."

"Ndipo palibe kaubweya ndi kamodzi komwe. Werengani mano a pamwamba."

"Khumi ndi limodzi."

"A pansi?"

"Khumi ndi awiri."

"Makina salakwitsa chiwerengero," anatero a Chidindo. "Amalakwitsa ndi munthu."

A Kagalasi analanda kagalasi kaja.

"Musathamange," anapitiriza a Chidindo. "Yang'anani chidindo chakuda chimene chili pa matanga a sitimayo. Tsiku lake likuti bwanji?"

"Pali wani... ndi seveni. Seveniyo ali chadodolido."

"Kalaliki amene anadinda kalata imeneyo anaika nambala mozondoka m'mawa umenewo. Ine ndi Aphunzitsi tinkamuseka munthu ameneyo Lamulungu lililonse, tinkati analawira kumowa. Sitampa za sitima zilipo zambiri, koma ya seveni wozondoka pa matanga ndi imodzi." Anawongoka, msana ukulira. "Palibe amene waba kanthu, a Sajeni. Sitampa ya Aphunzitsi ndi yomweyi. Wina anaidula mano ndi sizasi, limodzilimodzi."

A Kagalasi anakhala pansi pa wailesi yakufa.

"Mtengo wake tsopano?" anafunsa Sajeni.

"Inali nyumba," anayankha motsitsa a Kagalasi. "Lero, mwina wina angaigule chifukwa cha chisoni. Mwina mpando umodzi wa m'nyumbamo. Zaka zana ndi kuposa yadutsa m'manja mwa anthu, yapulumuka chinyezi ndi njenjete." Anayang'ananso pa kagalasi n'kupukusa mutu. "Koma dzanja limeneli, bwana wanga. Mano makumi anayi ndi kanthu pa kanthu kochepa ngati chikhadabo, osaphonya, osakhudza chithunzi. Si dzanja wamba."

A Chidindo anayang'ana kumbali. Anavala chipewa.

"Mukumudziwa," anatero Sajeni atatuluka panja. Silinali funso.

"Ndiloleni ndionane ndi Nesi kaye."

* * *

Nesi sanali nesi weniweni. Anagwirapo ntchito yokolopa m'chipatala, ndipo kumeneko anaphunzira kutembenuza wodwala osamupweteka. Anasamala Aphunzitsi zaka zitatu. Apolisi anamubweretsa m'kachipinda ka mafunso maso atatupa, akununkha chitokosi, masilipasi aja akadali osiyana.

"Ana ako ali ndi ndani?" anayamba a Chidindo.

"Aneba."

"Wadya?"

"Anandipatsa tiyi."

Sajeni anatsegula kabuku kake. "Foni yatsopano unaitenga kuti?"

"Anandigulira mchimwene wanga. Muimbireni."

"Tamuimbira kale, wavomera. Nanga bwanji sunanene dzulo?"

"Sanandifunse ngati munthu."

"Kiyi wa kachitini unkamugwira?"

"Powasambitsa ndinkamuika pa sopo. Ndikatha ndinkawaveka."

"Unatsegulapo?"

"Ayi."

A Chidindo anasendeza mpando. "Mwanawe, sitampa ija sinabedwe. Taipeza kuti ndi yomwe ija, koma yawonongeka."

"Ine sizasi ya m'nyumba muja sindinaigwirepo," anatero Nesi msangamsanga.

Sajeni anaika cholembera pansi.

"Ndani wanena za sizasi?"

Nesi anayang'ana khoma. Anakanikiza milomo yake pamodzi. Atalankhulanso, mawu ake anali ouma.

"Chabwino. Ndinadula ndine. Lembani."

"Chifukwa chiyani unadula?"

"Basi. Ndinatopa nawo. Lembani."

"Iwe," anatero a Chidindo mofatsa, "ndakuonapo ukudula bandeji. Umachita ngati ukuwaza nkhuni. Ndikakupatsa pepala pano kuti udule dzino limodzi lokha lowongoka, tikhala mpaka mawa."

Apo ndi pamene misozi inatsika. Nesi sanaipukute.

"Bambo, musakawauze achimwene a m'nyumba muja. Ankanena kale kuti nyumba ikavuta adzawatenga mayi kukakhala nawo kutali kuja, m'kachipinda ka kuseri, kopanda makina, kopanda munthu wowadziwa. Akamva izi adzati nawonso mutu wasokonekera. Ine ndi wamng'ono, miyezi ingapo ndipirira. Mayi aja sangapirire sabata."

"Anakupempha kuti ukhale chete?"

"Ayi. Dzulo anatsegula pakamwa kuti anene. Ndinawapukusira mutu ndine."

Sajeni anatseka kabuku kaja. "Sindingasunge munthu pa mlandu umene kulibe, ndipo sindingamutulutse wodandaula asanamve zoona. Bambo, mukalankhula ndi a Telala ndinu kapena ine?"

"Ndine," anatero a Chidindo. "Koma ndikanakonda akanakhala wina."

* * *

A Chidindo anagogoda pa kachipinda kosokera kawiri.

"Alamu, ndine."

"Lowani, alamu. Ndimadziwa kuti mubwera."

A Telala anakhala kumbuyo kwa makina awo, ataphimba makinawo ndi nsalu. Anali mayi wochepa thupi, wa zala zazitali. Kukhoma kunali madiresi awiri osamaliza, ndipo pa msomali panapachikidwa kasizasi kakang'ono kosongoka kamene ankatsegulira timabowo ta mabatani. A Chidindo anakayang'ana kamodzi n'kuchotsa maso. Anakhala pa mpando wa makasitomala, chipewa pa bondo. Zenera linali lotsegula, ndipo pakhonde pankamveka mawu a Sajeni akucheza ndi Wachisamba.

Asanafunse kanthu, a Telala anatsegula dilowa ya makina n'kutulutsa bokosi la machesi. Analikankhira kwa iwo. M'katimo, pa kathonje, munali tizidutswa ta pepala tosongoka, tochepa kuposa njere za therere.

"Ndinatola tonse," anatero. "Ndinkati mwina alipo wodziwa kumata."

"Palibe, alamu."

"Ndinadziwa. Ndimangofuna wina andiuze."

Anapinda manja pa nsalu ija n'kuyamba kufotokoza, maso ali pa bokosilo.

"Kunali kutatsala masabata atatu kuti amwalire. Tsiku limenelo anadzuka ali mwana. Mukudziwa mmene ankachitira, lero ndi mphunzitsi akufuna choko, mawa ndi mnyamata. Anafuna kachitini kawo, ndinawatsegulira. Anatenga sitampa ija n'kumaisisita m'mbali ndi chala, poti maso anali atapita. Kenako anayamba kulira. Alamu, zaka makumi asanu ndi ziwiri ndakhala nawo, sindinawaonepo akulira choncho. Ankati, ndathothola mano a sitampa ya bambo, akabwera andimenya. Ankabisala kuseri kwa chitseko. Munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu."

"Simunayese kuwapatsa ina?"

"Tinayesa ine ndi Nesi. Tinatenga za mano m'mabuku mwawo. Ankaziyandikitsa pa diso lakumanja lija, limene linkaonako pang'ono, akapanda kuona sitima ankataya pansi. Tinawauza kuti bambo anu anamwalira kalekale, ndiye analira maliro atsopano. Tsiku loyamba sanadye. Lachiwiri sanadye, mankhwala analavula. Lachitatu milomo inachita kung'ambika, akungonjenjemera pakona, akumvetsera mapazi a bambo awo."

Pakhonde mawu aja anali atasiya. A Chidindo anazindikira, koma sanawadule mawu a Telala.

"Lachitatulo masana ndinamuuza Nesi kuti awagwire manja. Ndinakhala pano, pa zenera ili. Zinanditengera maola awiri. Pansi ndinawonjeza limodzi, ndinaona nditamaliza kale."

"Amayi."

Wachisamba anali ataima pakhomo, Sajeni kumbuyo kwake. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene wamenyedwa mbama ali m'tulo.

"Amayi, simunadziwe. Simunadziwe kuti mtengo wake wonse unali pamenepo. Nenani kuti simunadziwe."

A Telala anamuyang'ana mwana wawo m'maso.

"Ndinkadziwa, mwanangu. Bambo ako anandiuza kambirimbiri mpaka ndinkachita kuloweza. Dzino lililonse limene ndinkadula ndinkadziwa kuti ndikudula khoma la nyumba ino."

"Nanga bwanji?"

"Nyumba inkafunika kumapeto kwa chaka. Bambo ako ankafunika kudya tsiku lomwelo."

Wachisamba anatsamira chitseko.

"Nditawapatsa," anapitiriza a Telala, "anayendetsa chala mbali zonse zinayi. Anapuma mpweya waukulu. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunditchula dzina langa, la utsikana, limene anali asanalitchule chaka chathunthu. Anati, wakonza ndiwe eti, dzanja lako ndimalidziwa. Madzulo ake anadya mbale yonse. Kuchokera tsiku limenelo mpaka kumwalira sanaopenso munthu."

A Chidindo anaona kuti chipewa chawo achipinda pakati osadziwa.

"Zimenezo sindikupepesa," anatero mayiwo. "Chimene ndikupepesa ndi mwana wa eni ake amene wagona pa simenti chifukwa cha mantha anga. Ndinakuona mmene unabwerera kwa a Kagalasi, ndinaopa. Ndinaima pazenera ngati mtengo, akumutenga. Usiku wonse ndimati kukacha ndinena, kutacha ndinati masana."

"Akanakhala wina, alamu, ndikanamukalipira," anatero a Chidindo. "Usiku umodzi m'chitokosi ndi wautali."

"Ndikalipireni. Zindipepukira."

Wachisamba anayenda pang'onopang'ono, n'kutenga bokosi la machesi lija. Analiyang'ana m'kati nthawi yaitali. Kenako analitseka bwinobwino n'kulibwezera m'dilowa ya amayi ake.

"Ankolo, palibe chimene chingachitike? Ngakhale theka?"

"Palibe, mwanawe. Ndi sitampa yeniyeni, yakale, ya bambo ako. Koma ogula amagula m'mbali."

Wachisamba anagwedeza mutu. Anayandikira amayi ake. Anangowagwira paphewa kamphindi, mosazolowera, n'kutembenukira kwa Sajeni.

"Tiyeni tikamutulutse."

* * *

Nesi anatuluka pa geti ya polisi dzuwa litapendeka, atanyamula foni yake ndi lamba wa diresi m'manja. A Chidindo anaima chapatali pansi pa mtengo. Wachisamba anamuyandikira, manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Chemwali, ndalakwa. Ndilibe mawu ena. Ndikuperekezeni pa galimoto."

"Galimoto ndakwera dzulo," anatero Nesi. "Yandikwana."

"Ndiuzeni chimene ndingachite."

"Msewu wonse unandiona. Ana anga kusukulu awauza kale kuti mayi awo ndi wakuba. Ntchito yanga ndi yolowa m'zipinda za anthu, ndani adzanditsegulirenso chitseko? Mawa muyende khomo ndi khomo, inuyo ndi pakamwa panu, mukanene kuti sindinabe. Za sizasi musanene. Mungoti yapezeka."

"Ndiyenda."

"Ndipo mayi musawafulumize. Ngati n'kusamuka, apezereni kachipinda konkuno, kokwana makina awo."

"Ndamva."

Nesi anamanga lamba wake n'kuyamba kuyenda. Atapita mapazi angapo, Wachisamba anamuitana. Mawu ake anatuluka aang'ono.

"Chemwali. Inu munali nawo masiku onse. Ine maulendo atatu omaliza sanandizindikire, ankanditcha bambo wa inshulansi. Ndimafuna kudziwa... ananditchulako?"

A Chidindo anayang'ana pansi. Mtsikanayo anali ndi mpeni m'manja tsopano, ndipo palibe akanamudzudzula akanaugwiritsa ntchito.

Nesi anaima osatembenuka.

"Dzina sanatchule," anatero. "Sindikunamizani. Koma folo koloko iliyonse ankandivutitsa kuti ndiwaimike pazenera la pabalaza. Ankati mwana wanga akuweruka kusukulu tsopano, msewu uwu uli ndi magalimoto, ndiyenera kumuona akuwoloka. Tinkaima mpaka miyendo iwatope. Ndikawauza kuti wawoloka, walowa kale, ndi pamene ankalola kukhala pansi."

Anakonza silipasi imene inkavuka, n'kupitiriza ulendo wake wa kokwerera basi.

Wachisamba anakhala pansi pamphepete pa ngalande, mu suti yake, n'kubisa nkhope m'manja. Anthu odutsa ankamulambalala. A Chidindo anadikira pang'ono, kenako anapita kukakhala pambali pake, mawondo akudandaula, ndipo anakhala naye pomwepo mpaka mapewa ake atasiya kugwedezeka.